Kupanga ngolo yonyamula njinga yamoto m'misewu yoipa: malangizo a pang'onopang'ono

Munthu aliyense wodziwa kuwotcherera akhoza kupanga bokosi lachitsulo n'kuliika matayala, pamenepo palibe chovuta. Mavuto amayamba mukakwezapo njinga yamoto n'kulowa mumsewu wa miyala ndi maenje, ngolo imayamba kugwedeza mchira uku ndi uku, khosi lake lolumikizira ku galimoto yoikoka limang'aluka pomwe linawotchereredwa, malamba amakhwefuka njinga n'kugona cham'mbali. Mukafufuza bwinobwino mupeza kuti kugwedeza mchirako kawirikawiri kumachokera pa chinthu chimodzi, ekiselo, chitsulo chopingasa chogwira matayala, inawotchereredwa msanga munthu asanayeze kuti katundu akhala pati. Nde apa tiyenda mosiyana ndi momwe ambiri amachitira, ekiselo tiikhazikitsa mochedwa, njinga itakwera kale pangolopo. Chitsanzo chathu ndi ngolo ya mamita 2.4 mulitali ndi 1.4 mulifupi, yonyamula njinga imodzi ndi katundu pang'ono.

## Zida zomwe mufunika

- Makina owotcherera, kaya a ndodo kaya a MIG. Ngati ndi a ndodo pezani za 6013 za malo opepuka ndi za 7018 za pakhosi ndi pogwirira masipuling'i, za 2.5 mm ndi 3.2 mm. Za 7018 zisungeni pouma, zikayamwa chinyezi zimasiya timabowo mkati mwa chowotchereracho
- Galayinda ndi madisiki ake, odulira ndi osalalitsira
- Tepi yoyezera ya mamita 5, sikweya, levulo, choko ndi chingwe
- Ma clamp amphamvu osachepera 6
- Dirilo, masipanala, jeke ndi zochirikizira
- Sikelo wamba yoyezera kulemera kwa munthu, iyi musaiiwale
- Chigoba chowotcherera, magolovesi achikopa, magalasi oteteza maso ndi chozimitsira moto

## Zipangizo

- Chubu chachitsulo cha makona anayi cha 75 x 50 x 3 mm cha felemu ndi khosi, mamita pafupifupi 13
- Chubu cha 50 x 50 x 3 mm cha zopingasa za pansi, mamita 6
- Ekiselo yokhala ndi mahabu ake (pomwe pamamangidwa matayala), yolembedwa kuti imanyamula makilo 1,000 kapena kuposa
- Masipuling'i awiri a leaf, ma hanger (zitsulo zogwirira masipuling'i ku felemu), ma shackle (tizitsulo togwedera togwira kumbuyo kwa sipuling'i), ma U-bolt (omangira sipuling'i ku ekiselo), ma shock awiri ndi timalabala toletsa ekiselo kumenya felemu
- Matayala atatu ndi malimu ake, lachitatulo ndi sipeya
- Coupling yolumikizira ku galimoto, jockey wheel (katayala kochirikiza khosi ngolo ikachotsedwa ku galimoto), matcheni awiri
- Pulayiwudi wosaopa madzi wa 18 mm kapena chitsulo chamaukonde cha pansi
- Mphete za D-ring zosachepera 6 ndi malamba anayi a ratchet
- Magetsi a LED osalowa madzi, waya wa mizere 7 ndi pulagi ya mapini 7
- Mabawuti a giredi 8.8, manati a nyloc, girizi, primer ndi penti

## 1. Yezani njinga ndi galimoto musanagule chitsulo

Tengani tepi muyeze njinga yanu yeniyeniyo, kuchokera kutsogolo kwa tayala lakutsogolo mpaka kumapeto kwenikweni, kenako kutambalala kwa mahandulo ndi kunenepa kwa tayala lakumbuyo. Njinga zambiri zimakhala pakati pa mamita 2 ndi 2.3 mulitali ndipo mahandulo amafika masentimita 80 kapena 90. Kulemera kumasiyana kwambiri, njinga yaing'ono ya 125 cc kapena ya m'tchire ya 250 cc imakhala cha m'ma 110 mpaka 140 makilo pomwe zikuluzikulu zapaulendo zimadutsa 200.

Pagalimoto yezani zinthu zitatu, kutalika kwa hitch (chokokera cha kumbuyo kwa galimoto) kuchokera pansi, mtunda wa pakati pa matayala akumbuyo, ndi mabowo a limu kuti ndi angati ndipo atalikirana bwanji. Onaninso m'buku la galimotoyo kuti imaloledwa kukoka makilo angati komanso hitch yake imasenza kulemera kochuluka bwanji.

Chenjezo: funsani ku ofesi yoona za pamsewu za kalembetsedwe ka ngolo yopanga nokha musanadule kanthu. M'maiko ambiri ngolo yopanda mabuleki sidutsa makilo 750 itasenza zonse, ndipo palinso lamulo la magetsi, ma reflector ndi nambala ya felemu. Kumva zimenezi ngolo itapentedwa kale kumapweteka mtima.

## 2. Werengani kulemera papepala

Anthu amaganiza kuti chitsulo chokhuthala ndiye mphamvu, nde amangowunjika, mapeto ake ngolo yopanda kanthu ikulemera kuposa njinga zitatu. Mumsewu woipa kilo iliyonse yoonjezera imamenya masipuling'i, mabeling'i ndi hitch ya galimoto pa bampu lililonse.

Tiwerengere limodzi. Chubu cha 75 x 50 x 3 chimalemera makilo pafupifupi 5.5 pa mita, ndiye mamita 13 ndi makilo 70. Cha 50 x 50 x 3 ndi makilo opitirira pang'ono 4 pa mita, zopingasa zonse zitenga ngati 25. Ekiselo, masipuling'i ndi matayala atatu a pikapu ziikeni pa 140 kapena 150. Pansi ndi pomwe pali chisankho, pulayiwudi wa 18 mm pa ngolo yotere ndi makilo osakwana 40 pomwe chitsulo cha 3 mm chophimba malo omwewo chimafika pafupifupi 80. Mukaphatikiza ndi tina ndi tina ngolo yopanda katundu ili cha m'ma 300, onjezerani njinga ya 150 ndi mafuta, madzi ndi zida za 50, zonse 500. Nambala imeneyi ilembeni pakhoma chifukwa ndi yomwe tigwiritse ntchito posankha masipuling'i ndi malo a ekiselo.

## 3. Dulani ndi kulumikiza felemu

Gwirani ntchito pamalo osalala, ngati simenti yanu ndi yokhota ikani zochirikizira muziwongole ndi levulo. Chubu cha 75 x 50 chiimirire cham'mbali, mbali ya 75 iyang'ane m'mwamba, chikagona chafulati chimapindika msanga. Dulani ziwiri za 2.4 ndi ziwiri zotseka kutsogolo ndi kumbuyo, zopingasa zikhale motalikirana masentimita 45 mpaka 50.

Musayambe ndi kuwotcherera mzere wonse ayi. Gwirizitsani ndi timadontho pangodya zonse zinayi kenako yezani kuchokera ngodya ina kukafika ngodya yoyang'anizana nayo mopingasa, mbali zonse ziwiri. Miyeso iwiriyo ikafanana, kapena kusiyana kwake kukakhala kosapitirira mamilimita 3, felemu yanu ili sikweya. Ikasiyana menyani pangodya ya mbali yotalikayo mpaka zifanane. Mukayamba kuwotcherera kwenikweni muzidumphadumpha, pang'ono ngodya iyi kenako ya kutali nayo, chifukwa chitsulo chikamazizira chimakoka ndipo mukamaliza mbali imodzi yonse felemu ipotoka inu mukuona.

Chenjezo: ngati chitsulo chanu ndi cha galvanised, chokutidwa ndi zinc, palani kaye zinc yense pamalo owotcherera ndipo gwirani ntchito pomwe pakupita mphepo, utsi wake umadwalitsa.

## 4. Khosi la ngolo

Khosi, lomwe ena amati drawbar, ndi pomwe ngolo zambiri zopanga pakhomo zimafera. Lipangeni ngati chilembo A, zitsulo ziwiri zokumana kutsogolo pa coupling, ndipo zisathere pa chitsulo chakutsogolo cha felemu. Zilowe pansi pa felemu zipitirire mpaka kufupi ndi pogwirira sipuling'i pakutsogolo, kuti mphamvu yokoka izifika ku matayala kudzera m'chitsulo chathunthu.

Kutalika kwake kuchokera pa bokosi kukafika pa coupling kukhale mamita 1.2 mpaka 1.5, ife titenga 1.3. Muyeso wabwino ndi woti lipose theka la m'lifupi mwa galimoto yanu kuti mukapinda kwambiri pobwerera m'mbuyo, ngodya ya ngolo isamenye bampala. Khosi lalitaliko limathandizanso kuti ngolo isamapinde mwadzidzidzi pa livesi.

Chenjezo lalikulu pano ndi ili. Pomwe khosi likutulukira pansi pa chitsulo chakutsogolo cha felemu, musawotcherere mopingasa pamwamba pa chubu cha khosilo. Pamenepo ndi pomwe chitsulo chimapindikira m'mwamba ndi pansi pa bampu lililonse, mzere wopingasa umakhala poyambira mng'alu ndipo tsiku lina khosi limangothyoka ngati nzimbe. Wotchererani motsata utali wa chubu, m'mbali mwake, ndipo ngati mukufuna kulimbitsa ikani tizitsulo ta makona atatu m'mbalimo.

## 5. Matayala, ekiselo ndi masipuling'i

Ngati zingatheke ngolo ivale matayala ndi malimu ofanana ndi a galimoto yokoka. Mapikapu ambiri ali ndi mabowo 6 pa muyeso wa 139.7 mm, nde mukapeza mahabu otero sipeya imodzi ikhoza kupulumutsa galimoto kapena ngolo. Tayala lalikulu limakwezanso ekiselo kuchoka pansi ndipo limadutsa pa dzenje lomwe kanthu kakang'ono kangagweremo. Utali wa ekiselo muusankhe moti matayala a ngolo aziponda m'mapazi a matayala a galimoto, mumchenga ndi m'matope zimenezi zimapeputsa kukoka kwambiri chifukwa njira imakhala itaponderezedwa kale.

Pa masipuling'i ine ndimakonda a maso awiri, diso lakutsogolo lomangidwa pa hanger ndi lakumbuyo pa shackle, kusiyana ndi aja ongotsetsereka kumbuyo omwe amasokosera ndi kudya chitsulo m'fumbi. Koma chachikulu ndi kuuma kwake. Pa ngolo ya makilo 500 tengani awiri omwe onse pamodzi amanyamula ngati 750. Mukatenga a galimoto yaikulu onyamula 1,500 sangapindike n'komwe, ngolo izingodumpha ngati ilibe masipuling'i ndipo nkhonya zonse zizikathera pa njinga yanu.

Sipuling'i ikakhala pamwamba pa ekiselo ngolo imakwera, mimba yake simakhula miyala, koma njinga imakhalanso pamwamba kwambiri ndipo ngolo yotero sichedwa kupendekeka pamalo otsetsereka cham'mbali. Ngati matayala anu ndi aakulu kale, ganizirani bwino ngati mukufunikadi kukweza kwina. Ekiselo zambiri zachubu zimabwera zopindika pang'ono dala pakati, linundalo liyang'ane kumwamba.

## 6. Kupeza malo a ekiselo

Apa ndi pamtima pa ntchito yonse, musathamange. Ngolo yosenza bwino imapondereza hitch ya galimoto ndi magawo 10 mpaka 15 pa 100 alionse a kulemera kwake konse. Pa makilo 500 athu ndiye kuti pakhosi pakhale 50 mpaka 75. Akachepera ngolo imagwedeza mchira liwiro likakwera ndipo ikhoza kutembenuza ndi galimoto yomwe, akachuluka galimoto imakhala pansi kumbuyo, matayala akutsogolo amapepuka chiwongolero n'kusiya kumvera.

Poyambira pabwino ndi kuika pakati pa ekiselo pa magawo 60 pa 100 a utali wa bokosi kuchokera kutsogolo, pa bokosi la 2.4 ndiye mamita 1.44. Kuchokera pa coupling ndi 1.3 kuphatikiza 1.44, zomwe ndi 2.74. Tiyerekeze kuti pakati pa kulemera konse pagwera mamita 2.4 kuchokera pa coupling, kusiyana kwake ndi ekiselo ndi 0.34, mukachulukitsa 500 ndi 0.34 n'kugawa ndi 2.74 mupeza makilo 62. Zili bwino papepala. Koma pepala silidziwa kuti inu muika sipeya pakhosi kapena kumbuyo, silidziwa za chigubu cha petulo cha malita 20 chomwe ndi makilo pafupifupi 15 osawerengera chigubucho, nde yezani zenizeni.

Chitani chonchi. Mangani masipuling'i ku ekiselo, ma hanger muwagwirizitse ku felemu ndi ma clamp okha pa muyeso wa 1.44 uja. Yalani pulayiwudi kapena chitsulo cha pansi pa ngolo, ikani zochirikizira kumbuyo kwa felemu kuti isagadabuke, tsekerezani matayala, ndiye mothandizana ndi anthu awiri kwezani njinga muiimike pomwe izikhala. Ikaninso sipeya, bokosi la zida, zigubu, chilichonse pamalo pake. Tsopano ikani sikelo pansi pa coupling ndi chipika choimirira pakati kuti coupling ikhale pa msinkhu wa hitch ya galimoto, tsitsani pang'ono zochirikizira zakumbuyo kuti zisasenze kanthu, muwerenge. Sikelo ikaonetsa zochepa tsitsani katundu musunthire ekiselo kumbuyo, ikaonetsa zambiri isunthireni kutsogolo, masentimita 3 kapena 5 pa nthawi, n'kuyezanso. Ndi ntchito yotopetsa zoona, kukweza ndi kutsitsa katatu kapena kanayi, koma ndi masana amodzi okha.

Mukapeza malo abwino tsitsani njinga muyezenso ngolo ili yopanda kanthu. Khosi likhalebe lolemera, chifukwa ulendo wina muzibwerera opanda njinga ndipo ngolo yomwe khosi lake limanyamuka lokha ndi yoopsa.

Chenjezo: ma clamp ndi ongoyezera ngolo itaima, musaikoke ngakhale mita imodzi ili choncho, ndipo pasapezeke munthu wolowa pansi pake njinga ili pamwamba.

## 7. Kukhazikitsa ekiselo, ma shock ndi madigadi

Musanawotcherere ma hanger yezani ndi tepi kuchokera pakati pa coupling kukafika kumapeto a ekiselo kumanja, kenako kumanzere. Ziwirizi zifanane, apo ayi ngolo iziyenda cham'mbali ngati nkhanu n'kumadya matayala. Gwirizitsani ndi timadontho, yezaninso, kenako malizani ndi ndodo za 7018.

Onetsetsani shackle. Sipuling'i ikasenza imawongoka n'kutalika, ndiye shackle ikhale ndi mpata wopendekera kumbuyo, isafike pogona fulati ndipo isayambire chopendekera kutsogolo chifukwa ikhoza kutembenuka n'kukanirira. Pa sipuling'i penipeni musawotchererepo kapena kuitenthetsa, imataya mphamvu.

Ma shock musawasiye. Mumsewu wa timabampu tondondozana ngati malata, ngolo yopanda ma shock imayamba kudumpha mosalekeza mpaka matayala osagwiranso pansi. Aikeni moimirira momwe mpata ungalolere ndipo muone kuti labala loletsa lija likugunda kaye shock isanafike pamapeto ake. Madigadi akhale patali ndi tayala kuposa mpata womwe ekiselo imakwera, onjezeraniponso malo a matope.

## 8. Njanji ya njinga ndi pomangira

Pakati pa ngolo ikani njanji yooneka ngati ngalande, yotambalala pang'ono kuposa tayala lakumbuyo la njinga, mutha kuipanga ndi ma angle iron awiri. Kutsogolo kwake pangani chogwira tayala, zitsulo ziwiri zoimirira zopanikiza tayala m'mbali ndi china chotchinga kutsogolo chofika cha pakati pa tayala. Onani kuti sichikukhudza disiki ya buleki kapena masipoko. Chimenechi chimangidwe ndi mabawuti osati kuwotcherera, kuti tsiku lomwe mukufuna kunyamula katundu wina muzichichotsa, komanso mukasintha njinga mutha kuchisuntha kuti kulemera kwa pakhosi kubwerere m'malo.

Mphete zomangira zigwire felemu kapena zopingasa, osati pulayiwudi, thabwa limazuka. Ziwiri zakutsogolo zikhale kutsogolo kwa mahandulo ndiponso m'mbali momwe ngolo ingalolere, kuti lamba azikoka njinga pansi, kutsogolo ndi m'mbali nthawi imodzi, cha m'ma madigiri 45. Mphete zikayandikana kwambiri ndi njinga malamba amaima chilili ndipo saletsa njinga kugwera m'mbali. Ziwiri zina cha ku tayala lakumbuyo, zotsalazo ndi za katundu.

## 9. Rampu

Ngolo ya m'tchire imakhala yokwera, pansi pake pakhoza kufika masentimita 60 kuchokera pa dothi. Rampu ya mamita 2 pa msinkhu umenewu imapendekeka madigiri pafupifupi 17, ya 2.4 imatsika kufika pa 14 kapena 15, ndipo kusiyana kumeneku mumakumva m'manja mukamakankha njinga ya makilo 150. Rampu yaifupi imapangitsanso mimba ya njinga kukhula pamlomo wa ngolo. Ipangeni ngati makwerero, ma angle iron awiri ndi tizitsulo topingasa kuti tayala lamatope ligwire, ndipo kumtunda kwake ikhale ndi ngowe kapena pini yolowa m'felemu. Rampu yongotsamiritsa imathawa tayala lakumbuyo likangoikankha, ndipo nthawi imeneyo njinga imakhala ili theka pamwamba inu muli pansi pake. Ipezereni malo ogona pambali pa njanji ndi pini yoitsekera, musaipachike pansi kumbuyo komwe izikhula pansi potuluka m'khwawa.

## 10. Coupling ndi matcheni

Coupling wamba ya pampira imapendekeka pang'ono chabe, galimoto ikapendekera kumanja ngolo kumanzere imafika pamapeto n'kuyamba kupotokola khosi kapena kuzuka. Ya m'misewu yoipa ndi ija yozungulira mbali zonse, kapena ya mphete ndi ngowe yotchedwa pintle, yomwe imagogoda poyenda koma ndi yolimba. Ngati misewu yanu ndi yafumbi chabe yopanda makwawa akuya ya mpira ikwana, bola muonetsetse muyeso, mpira wa 50 mm ndi wa mainchesi awiri, womwe ndi 50.8 mm, amaoneka ofanana koma sasinthanitsidwa. Coupling imangidwe ndi mabawuti a 8.8 monga anaipangira, ndipo ngolo ikalumikizidwa ikhale yowongoka kapena yoweramira kutsogolo pang'ono.

Matcheni awiri agwire khosi penipeni, adutsane mopingasa pansi pa coupling n'kukagwira ku galimoto kuti ikamasuka khosi ligwere pa matcheniwo lisazike pansi. Akhale otalika mokwana kupinda koma asamakhule pansi. Jockey wheel ikhale yopindira m'mwamba kapena yochotsa, yolendewera imathyoka pa mwala woyamba.

## 11. Magetsi

Magetsi akumbuyo alowe mkati mwa chitsulo kapena muwatchinge ndi kafelemu, nthambi ndi miyala zimawaswa. Waya adutse m'paipi yapulasitiki pamwamba pa zopingasa, ndipo paliponse pomwe akudutsa pabowo lachitsulo ikani kalabala. Pa pulagi ya mapini 7 ya mtundu wa 12N mitundu imayenda chonchi: 1 wachikasu indiketa yakumanzere, 2 wabuluu getsi la nkhungu, 3 woyera earth, 4 wobiriwira indiketa yakumanja, 5 wabulawuni getsi lakumbuyo kumanja, 6 wofiira mabuleki, 7 wakuda getsi lakumbuyo kumanzere. Mapulagi alipo a mitundu ina, nde yesani soketi ya galimoto yanu ndi tesita musanalumikize. Getsi lililonse lipatseni waya wake wa earth wobwerera ku pulagi, kudalira felemu kumatha dzimbiri likangoyamba ndipo mudzaona indiketa ikuphethira limodzi ndi buleki.

## 12. Penti ndi mabeling'i

Gogodani zotsalira zonse za ndodo, palani dzimbiri ndi mafuta, pakani primer kenako penti kawiri. Kumapeto kwa machubu tsekani, koma pansi pake boolani timabowo totulutsa madzi. Kutsogolo kwa bokosi ndi madigadi kumalandira miyala yochokera ku matayala a galimoto, pamenepo pakani mokhuthala.

Mabeling'i adzazeni girizi mpaka atulukire mbali inayo, osangopaka pamwamba. Mangani nati uku mukuzunguza habu mpaka igwire, ibwezeni pang'ono kuti habu izizungulira momasuka popanda kugwedera koonekera, ndiye lowetsani split pin yatsopano.

## 13. Kumanga njinga ndi ulendo woyesa

Ngolo ikhale yolumikizidwa ku galimoto musanakweze njinga, apo ayi khosi linyamuka. Lowetsani tayala m'chogwirira, sitandi ya m'mbali ipindeni, tsekani kampopi ka petulo ngati kalipo. Malamba akutsogolo agwire pa mahandulo kufupi ndi pakati kapena pa chitsulo chogwira mafoloko cham'munsi, kudzera m'timalamba tofewa, osapanikiza mawaya kapena paipi ya buleki. Kokani mosinthanasinthana kumanja ndi kumanzere mpaka mafoloko atsike ngati gawo limodzi mwa atatu, osawafikitsa pansi. Kumbuyo mangani tayala ku njanji kuti lisadumphire kunja.

Yendani kaye opanda njinga makilomita ochepa, kenako ndi njinga pang'onopang'ono, mukuonjezera liwiro mukuyang'ana pagalasi. Imani mugwire mahabu ndi dzanja, kufunda ndi bwino koma akamaotcha ndiye kuti nati yathina kapena girizi wachepa. Pakatha makilomita ngati 50 manganinso manati a matayala ndi ma U-bolt chifukwa atsopano amakhwefuka akakhazikika, ndipo yang'anani ndi tochi pomwe munawotcherera pakhosi ndi pa ma hanger, penti akang'ambika kamzere kowongoka pamenepo pali mng'alu.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwa kawirikawiri

Ngowe zotseguka za malamba. Pa tala zimagwira bwino, koma pa bampu lalikulu mafoloko a njinga amatsika, lamba amakhwefuka kwa kamphindi ndipo ngowe imagwa m'mphete. Gwiritsani zokhala ndi kotsekera kapena muike shackle. Ena omwe njinga zawo zinagwa anali atamanga molimba ndithu, chinawapusitsa ndi ngowe.

Kuwunjika katundu kumbuyo kwa ekiselo tsiku la ulendo chifukwa ndi komwe kwatsala malo. Kuyeza konse kwa pa sitepe 6 kumapita pachabe ndi zigubu ziwiri zamadzi zoikidwa kumchira. Ngolo ikayamba kugwedezeka pamsewu musaponde buleki mwamphamvu ndipo musalimbane nayo ndi chiwongolero, chotsani phazi pa mafuta liwiro litsike lokha, imani musunthire katundu kutsogolo.

Kupopa matayala ngati a pikapu yodzaza. Ngolo ya makilo 500 pa matayala aakulu ouma imadumpha, mumsewu wa miyala phwetsaniko pang'ono ndipo mukabwerera pa tala popaninso.

Kulowa m'madzi mahabu ali otentha. Akazizira mwadzidzidzi amayamwa madzi kudzera pa seal, girizi n'kusanduka phala. Imani pang'ono azizire musanawoloke, ndipo mukawoloka madzi ofika pa habu muwatsegule mukafika muone.

Mchira wautali kuseri kwa ekiselo wokhala ndi magetsi, nambala ndi rampu zolendewera pansi, zonse zimatsala pa khwawa loyamba. Chilichonse cha kumbuyo chikhale pamwamba pa mzere wa pansi pa felemu.

Kuphunzirira kuwotcherera pa khosi ndi ma hanger. Ngati mizere yanu ikadali yokhala pamwamba ngati phula losalowa m'chitsulo, pangani nokha njanji, rampu ndi madigadi, koma khosi, ma hanger ndi pogwirira matcheni mupatse munthu amene dzanja lake linakhazikika, inu muimirire pambali ndi tepi muzionetsetsa kuti miyeso ya kumanja ndi kumanzere ikufananabe akamawotcherera.